Makiyi ndawasunga pabwino

Pa zonse zimene ndinayankhula tsiku limene tinasamuka, mawu amene mayi a kunyumba sanawaiwale mpaka lero ndi awa: "Makiyi ndawasunga pabwino, musade nkhawa."

Ntchito inanditumiza kutali, ulendo wa maola 9 pa galimoto, kudera kumene tinalibe m'bale ngakhale mnzathu. Ana athu anali aang'ono, mnyamata wa zaka 6 ndi mtsikana wa zaka 3. Ine pokhala munthu wodzitama ndi dongosolo, ndinalongedza sabata yathunthu. Makatoni 34, lililonse ndi nambala yake, zam'katimo nditazilemba m'kope. Mukanandifunsa kuti sefa ili pati, ndikanakuyankhani ngati ndikutchula vesi: katoni 17, pansi pa mapoto. Ana ndinawapatsa aliyense kachikwama kake, n'kuwauza kuti aikemo zinthu zimene amazikonda kwambiri.

Makiyi a nyumba yatsopano mwininyumba anali atatitumizira kale, ndipo ndinawaika m'dirowa ya kabati ya zovala. Tsono odziwa kupakira lole amayamba ndi zolemera, kuzigunditsa kumutu kwa galimoto, zopepuka n'kumabwera pambuyo. Cholowa poyamba chimatuluka pomaliza. Kabati ija inalowa yoyamba, ndipo chingwe choimangira ndinakoka nawo ndine, ndikuimba mluzu.

Ife tinkatsatira lole pa galimoto yaing'ono. Tisanapite patali, mnyamata anayamba: "Adadi, tafika?" Ndinawerenga mpaka ka 20, kenako ndinaleka. Kuti akhale chete ndinamupatsa buku la zithunzi, osadziwa kuti ndikudziputira. Maso akakhala pa buku losayenda pamene m'kati mwa khutu mukumva galimoto ikukhota ndi kudumpha, ubongo umasokonezeka, chotsatira chake ndi mseru. Phunziro limeneli ndinalilandirira pa shati yanga, kuchokera kumbuyo. Mtsikana ndiye anangoti kukamwa yasa, akuti akufuna kwawo, akufuna mphaka wa aneba, akufuna tibwerere. Anagona patatha maola 7, atakumbatira kachikwama kake. Mayi ake ananong'ona: "Amene amudzutse mwanayu achezera naye yekha usiku wonse."

Tinafika kuli chisisira. Mayi anatambasula dzanja: "Abambo, makiyi." Ndinapisa m'thumba la kumanja, la kumanzere, la kumbuyo, ndinapisanso la kumanja ngati lingasinthe maganizo. Kenako mtima unangoti myuu. Ndinatembenuka n'kuyang'ana lole. Mayi anayang'ana ine. Foni ya mwininyumba inali yozimitsa, ndipo adalaivala anati, "Bwana, ine m'mawa ndili ndi ulendo wina."

Basi tinayamba kutsitsa katundu yense pabwalo, patsogolo pa nyumba yokhoma. Oyamba kufika anali ana a aneba, kenako amayi awo, kenako bambo wina wachikulire atanyamula tochi. Anthu asanadziwe ngakhale dzina langa, anali atadziwa kale moyo wanga wonse. Anaona mpando wathu wothyoka mwendo, anaona makatani odyedwa ndi mbewa. Mnyamata wanga, yemwe tinkada nkhawa kuti akavutika kupeza anzake, anadzipatsa udindo wofotokozera alendo. "Matiresi awa ndi amene mchemwali wanga amakodzera. Njinga iyi ndi ya adadi yochepetsera mimba, koma timayanikapo zovala." Bambo a tochi aja anaunika njingayo, kenako anaunika mimba yanga, osanena kanthu.

Chovuta n'chakuti zonsezi tinkachita monong'ona, chifukwa mwana anali m'tulo m'galimoto. Anthu 15 akutsitsa firiji monyang'ama ngati akuba, wina akagunda poto onse n'kumuti "shii!"

Patatha maola awiri kabati inatsika. Adalaivala anatsanzika pomwepo n'kuliyatsa. Ine ndinakonza kolala ya shati yanga yonunkha ija, ndinapempha kuti aunike bwino, n'kukoka dirowa pamaso pa anthu onse. Munali sokosi imodzi.

Panangoti zii. Mayi a kunyumba sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangokhala pa katoni 17 n'kufunsa mwaulemu: "Nanga m'kope lanu muja simunalembe?"

Bambo a tochi anati, "Achimwene, tingothyola loko, mudzagula wina mawa." Mnyamata wina anathamangira hamala. Itangolira kamodzi pa chitseko, m'galimoto munamveka kulira. Mwana uja anatsika yekha, maso ali psuu, akukoka kachikwama kake pansi. Chikumveka: ngwelengwele, ngwelengwele.

Mayi ake anatsegula. Munali mwala, mutu wa chidole, supuni, nsapato imodzi, ndi makiyi.

"Ndi anga," anatero mwana. "Adadi anati ndiikemo zimene ndimakonda."

Kuwapereka anakanitsitsa. Tinamunyengerera, tinalonjeza mphaka, tinalonjeza mphaka awiri, koma iye anangowafumbata n'kubisa manja kumbuyo. Mapeto ake bambo a tochi anamunyamula kuti atsegule yekha, ndipo chitseko chitatseguka anthu anamuombera m'manja ngati nduna yotsegulira sukulu. Aneba omwewo ndi amene anatithandiza kulowetsa katundu mpaka pakati pa usiku, makatoni akuikidwa paliponse, manambala anga osawayang'ana n'komwe. Sefa tinaipeza patatha masabata atatu, kubafa.

Pano tatha zaka ziwiri kuno. Ana anazolowera msanga kuposa ife. Koma m'mawa uliwonse ndikamakhoma chitseko, bambo aja amasuzumira pa mpanda n'kufunsa: "Achimwene, mwawasunga pabwino?"