Mabakiteriya akufa amene amaphunzitsa asilikali a m'thupi

Kusukulu ya unamwino tinaloweza kuti chitetezo cha m'thupi chobadwa nacho sichikumbukira kanthu, kuti kukumbukira ndi ntchito ya maselo ena a chitetezo, a B ndi a T, okha. Mu 2011, wofufuza Mihai Netea ndi anzake ku Nijmegen, ku Netherlands, anatchula poyera zosiyana ndi zimenezi: maselo a chitetezo chobadwa nacho, otchedwa monocyte ndi macrophage, akakumanapo ndi tizilombo tina, ulendo wotsatira amamenya nkhondo mwamphamvu, ngakhale mdaniyo akhale wachilendo.

Sikuti majini amasintha ayi. Mbali zina za DNA zimene zinali zokulungidwa zimamasuka n'kukhala choncho, selo nkumatentha shuga mofulumira. Kusinthaku kumafika mpaka m'mongo wa mafupa momwe maselo atsopano amabadwira, n'chifukwa chake kumatha miyezi, pomwe monocyte imodzi imangokhala masiku ochepa m'magazi.

Zambiri zinadziwika kudzera mu BCG, katemera wa TB amene anayamba kuperekedwa mu 1921. Koma BCG ndi bakiteriya wamoyo, anangomufooketsa. Munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri sitingamubaye, chonsecho ndi iyeyo amene amadwaladwala. Mtima wanga uli pamenepa, ndipo ndi pamene mabakiteriya ophedwa amandipatsa chiyembekezo.

Ku Spain kuli MV130, msanganizo wa mabakiteriya athunthu ophedwa ndi kutentha, wopopera pansi pa lilime. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2021, ana osakwana zaka zitatu amene amabanikabanika anaupopera miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kubanikako kunachepa ndi 40 peresenti poyerekeza ndi anzawo amene sanalandire mankhwala enieni. Taganizani: kubanika kwa ana otere kumayambitsidwa kwambiri ndi mavairasi, koma m'botolomo mulibe vairasi ngakhale imodzi. Aliyense amene anachezerapo usiku ndi mwana wopuma movutika akudziwa kukula kwa nkhaniyi.

Komabe tisathamange magazi. BCG atamupha ndi cheza, mphamvu yake yophunzitsa maselo inachepa. Kafukufuku wamkulu wotchedwa BRACE anapeza kuti BCG wamoyo yemweyo sanateteze ogwira ntchito zachipatala ku COVID-19. Ndiponso asilikali okhala tcheru mopitirira muyeso amawononga: kutupa kosatha m'mitsempha ya magazi kumayenda njira yomweyi.

Ine ndikufuna MV130 ayesedwe pa anthu ambiri, m'mayiko osiyanasiyana, ndi ofufuza osadalira kampani yomupanga, makamaka pa odwala aja amene BCG sitingawapatse.