Anandisandutsa Malume pa TV

Amene anandipusitsa ine ndi Cherise Makubale, ngakhale iyeyo sakundidziwa. Mu 2003, Big Brother Africa, pulogalamu ya pa TV yotsekera opikisana m'nyumba imodzi ya makamera, itangoyamba ku Johannesburg, tinkaonera pa TVM kunyumba kwa aneba, mpaka aphungu a Nyumba ya Malamulo anailetsa kuti ikuononga ana, khoti n'kuibwezeretsa. Ife tinatumizako Zein Dudha, koma mphoto ya madola 100,000 anatenga ndi mtsikana wa ku Zambia ameneyu, yemwe Africa yense ankamuona akuphika, akusesa, akutsuka mbale. Ndinasunga phunziro limenelo mumtima: ukalowa m'nyumba ya makamera, gwira mthiko.

Ndiye wayilesi ina yakanema, sinditchula dzina, italengeza mpikisano wa achinyamata ochita bizinesi oti akakhale nyumba imodzi ku Lilongwe, wopambana n'kupatsidwa mpamba, ndinalembetsa msangamsanga. Ndinali ndi zaka 31, ndevu zometa bwino, nsapato zobwereka. Cholinga changa chinali chakuti Amalawi aone mnyamata wodziwa kuphika, wanzeru zamalonda, woti makolo akamuona aziti mkamwini ndi ameneyu.

Ndinaphikadi. Nsima ya anthu onse m'nyumbamo ndinkavundula ndine, ndiwo kukazinga ndine. Sindinkadziwa kuti makamera amajambula usana ndi usiku, koma zoonetsa Lamlungu madzulo sizikwana ndi ola limodzi lomwe. Zotsalazo zimathera m'kachipinda kena komwe anyamata awiri amakhala pa kompyuta, kudula apa, kulumikiza apo. Ife m'nyumbamo tinalibe foni kapena TV, choncho zonse ndinadzaziona nditatuluka, mng'ono wanga atandisungira pa fulashi, akuseka asanatsegule n'komwe.

Gawo loyamba, nkhope yanga itangotulukira, pansi pake panalembedwa dzina langa, kenako mawu akuti "Malume wa m'nyumba". Kumbuyo kukulira kanyimbo ka gitala wachikalekale. Ndinali nditafunda chitenje paphewa, kapu ya tiyi m'manja, chifukwa unali mwezi wa June ndipo ku Lilongwe m'mawa kumazizira. Chitenje chimenecho ndinafunda m'mawa umodzi wokha, koma pa TV ndinakhala nacho mpikisano wonse.

Kuphika kwanga konse anakudula. Malume saphika. Mthiko anaupereka kwa mtsikana wina yemwe sankayandikira n'komwe mbaula poopa kuti utsi ungalowe m'wigi. Tsiku lina ndinamupempha kuti andigwirire mthiko ndikatenge ufa, ndipo masekondi amenewo anakwanira kumuveka udindo wa "Mayi wa m'nyumba". Anthu ankamuvotera kuti ndi mkazi wapabanja weniweni, akudya ndi maso nsima yanga. Mnyamata wina wa zaka 29, wamkulu thupi kuposa ine, anatikita m'maso atagwira tsabola wa kambuzi, misozi n'kutsika. Ameneyo anakhala mzime wa m'nyumba, mwana wosowa amayi ake, ndipo misozi ya kambuzi ija inkaonetsedwa nthawi iliyonse munthu akatuluka mumpikisano. Panalinso azakhali olongolola, mtsikana wofatsa yemwe anangokweza mawu kamodzi sopo wake atasowa.

Koma luso lawo lenileni ndinaliona pa zimene anachita ndi pakamwa panga. Kunali kachipinda ka mafunso, komwe umakhala wekha moyang'anizana ndi kamera, wofunsa ali kuseri. Lamulo lake linali lakuti poyankha uziyamba ndi mawu a funsolo, chifukwa mawu a wofunsayo samveka pa TV. Anandifunsa kuti, "Achimwene, achinyamata a masiku ano mumawaona bwanji?" Ine n'kuyankha bwinobwino kuti, "Achinyamata a masiku ano ndife olimbikira, kungoti akuluakulu amatinena kuti tilibe mwambo, amati achinyamata alibe mwambo, koma si zoona." Pa TV panamveka kuti, "Achinyamata a masiku ano alibe mwambo." Pamalo polumikizira mawuwo anachotsa nkhope yanga n'kuikapo anzanga akuvina, kuti msoko usaoneke. Atandibwezeretsa, ndinali ndikupukusa mutu. Mutu umenewo ndinapukusa tsiku lina, pothamangitsa ntchentche.

Ndiye panali kuyasamula. Munthu aliyense m'nyumbamo ankayasamula, koma kwangako anakusunga ngati mbewu ya chimanga, n'kumakudzala paliponse. Anzanga akamaseka, Malume akuyasamula. Alendo akabwera kudzatiphunzitsa zosunga ndalama, Malume akuyasamula. Usiku wina ndinangoti, "Zimitsani magetsi, mayunitsi atha," ndipo mawu amenewo anakhala otsekera pulogalamu sabata iliyonse.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi nkhani ya mtsikana wogulitsa makeke. Ndinkamufuna, ndipo madzulo ena ndinamupeza pa chingwe choyanika zovala n'kumuuza zakukhosi, mawu osankhidwa bwino omwe ndinawakonza ndili kubafa. Iye ankangogwedeza mutu, maso ali pansi. Pa TV mawu angawo anawazimitsa, n'kuikapo gitala uja, wolengeza n'kumati, "Malume apeza mpata wolangiza mwana wawo." Kenako anamuonetsa ali m'kachipinda ka mafunso akuti, "Amandikumbutsa bambo anga." Tinkasiyana zaka zinayi zokha.

Nditatuluka, opanda mpamba, ndinakumana ndi mmodzi wa anyamata a pa kompyuta aja. Ndinamufunsa kuti ndinamulakwira chiyani. Anandiyankha mosatekeseka, akumwa fanta yomwe ndinamugulira ndine, kuti oonera sangasunge mayina a anthu khumi ndi angapo osawadziwa, koma banja aliyense amalidziwa. Ukawapatsa mayi, mzime, azakhali ndi malume, sabata yoyamba yomweyo amadziwa woti amukonde ndi woti amunyoze, ndipo amavota. "Ndiye nyumba iliyonse imafuna malume, bigi," anatero. "Inuyo munafunda chitenje."

Kuchokera pamenepo moyo wanga unasintha. Makondakitala a minibasi ankatsitsa anthu kumpando wakutsogolo kuti Malume akhale. Bambo wina wa imvi anandiimitsa mumsika wa Tsoka, chipewa m'manja, kuti ndikamuyankhulire mwana wake yemwe wasiya sukulu. Atsikana ankandipatsa moni ndi manja awiri, atapinda maondo, zomwe kwa mnyamata wosakwatira ndi chilango. Amayi anga anaimba foni kuchokera kumudzi. "Iwe, anthu kuno akuti wakalamba. Wakalamba bwanji usanandipatse mdzukulu? Komanso n'chifukwa chiyani unkangokhala, mwana wa eni ake akukuphikira? Ndinakulera choncho ine?"

Chaka chatha mtsikana wa makeke uja anandiimbira. Mtima unagunda. Anati wapeza banja, koma malume ake enieni ali ku Johannesburg ndipo mapepala awo sali bwino, sangabwere. Akuchimuna anaonera pulogalamu ija, amandilemekeza kwambiri, ndiye kodi ndingakaimirire ngati nkhoswe? Ndinapita, ndinalandira tambala, ndinayankhula mawu anzeru kwa mphindi zambiri ndithu, anthu n'kuwomba m'manja. Vidiyo ya chinkhoswecho yatuluka mwezi watha. Zoyankhula zanga zonse mulibe. Ndaonekamo kamodzi, pa nthawi ya perekaniperekani, ndikuyasamula.