Zilonda za ndolo ndi utsi wa inox: zimene nickel amachita m'thupi

Okutobala akafika, kutentha kwa ku Tete ndi ku Moatize kukapitirira madigiri 40, anthu ambiri amayamba kudandaula za kuyabwa pamalo atatu: pakhutu pamene pali ndolo, pamkono pansi pa wotchi, ndi m'munsi mwa mchombo pamene batani la jinzi limakhudza khungu. Ambiri amati ndi chipere. Amagula mafuta a chipere, n'kupaka mwezi wathunthu, osaona kusintha. Kawirikawiri wapalamula ndi nickel, chitsulo choyera chonyezimira chimene amakutira nacho zinthu zotsika mtengo kuti ziziwala komanso zisachite dzimbiri.

Thukuta ndilo limatsegula njira. Mchere wa m'thukuta umasungunula nickel pang'onopang'ono n'kumulowetsa m'khungu. Mwa anthu ena chitetezo cha m'thupi chimamutenga ngati mdani, ndipo chikangotero sichiiwalanso. Munthu amakhala nalo vutoli moyo wake wonse, ndipo palibe jakisoni kapena mzu wolichotsa. Chimene chimasintha ndi kuchuluka kwa thukuta. Ndolo zimene sizinakuvuteni ku Ulongwe m'nyengo yozizira ya Juni zikhoza kukuvutitsani mutangotsikira kumtsinje wa Zambezi.

Kusiyanitsa ndi chipere sikovuta mukayang'anitsitsa. Totupa ta nickel sitituluka nthawi yomweyo, timadikira maola 12 mpaka 48, ndiye munthu saganizirako za tcheni chimene anavala dzana. Timatsata maonekedwe a chitsulocho: kabwalo kofanana ndi batani, mzere wozungulira khosi, kachigamba kuseri kwa khutu pamene magalasi amakhudza. Pakhungu lakuda sipafiira kwenikweni. Pamada, pamauma, pamatuluka timatuza tamadzi, ndipo pakakandidwa nthawi yaitali pamakhuthala. Chipere chimakula, pakati n'kumapola, m'mphepete n'kumatukuka, ndipo chimafalikira kopanda chitsulo. Mphere imakonda m'mipata ya zala, imayabwa kwambiri usiku, ndipo imagwira nyumba yonse. Za nickel sizipatsirana ngakhale mutagona mphasa imodzi.

Vulani chimene mukuchikayikira kwa masabata awiri kapena atatu. Pamalopo pakani hydrocortisone wa 1 peresenti, pang'ono chabe, kawiri patsiku, osapitirira sabata. Ngati pali mafinya, pakutentha kapena pakupweteka, ndiye kuti palowa tizilombo, pitani kuchipatala. Chimene muyenera kuchipewa ndi mafuta oyeretsa khungu a pamsika. Ambiri ali ndi betamethasone kapena clobetasol, mankhwala amphamvu amene amaziziritsa kuyabwako masiku ochepa, munthu n'kuvalanso ndolo zomwezo, khungu n'kumapyapyala. Kuyeza kotsimikiza kumachitika kwa dokotala wa khungu: amamata kumsana kapepala kokhala ndi nickel sulfate wa 5 peresenti, amakachotsa pakatha maola 48, n'kuyang'ananso tsiku lachitatu kapena lachinayi.

Nkhani yaikulu ili pakuboola makutu. Amayi amene ali ndi vutoli ndi ambiri kuposa abambo, ndipo chifukwa chachikulu ndi ndolo. Khutu longoboola kumene ndi bala. Chitsulo chikakhala m'balamo usana ndi usiku kwa masabata angapo, nickel amakumana ndi chitetezo cha m'thupi popanda khungu lotchinga. Mwana wa miyezi itatu akavekedwa ndolo za pamsika, n'zotheka kuti vuto la moyo wake wonse layambira pomwepo. Mu 1994 mayiko a European Union anaika malire akuti chinthu chokhalitsa pakhungu chisatulutse nickel woposa mamayikirogalamu 0.5 pa sikweya sentimita imodzi pasabata, ndipo pambuyo pake anatsitsa malire a zolowetsa m'mabowo kufika 0.2. Ku Denmark, kumene lamulo lotere linayamba mu 1990, atsikana ovutika ndi nickel anachepa. Ndolo zoyalidwa pansalu pamsika wa Kwachena ku Tete kapena ku Zóbuè zilibe pepala lokuuzani kuti zimatulutsa wochuluka bwanji.

Ndolo zoyamba zikhale za titanium, za pulasitiki ya kuchipatala, kapena za golide wachikasu weniweni. Zopakidwa golide pamwamba ndizo zimapusitsa: pansi pa golideyo amayamba akutapo nickel, ndipo golide akaperepeseka, zimene zinali bwino chaka chatha zimayamba kuyabwitsa. Golide woyera nthawi zambiri amasakanizidwa ndi nickel. Chimene amachitcha alpaca chimaoneka ngati siliva koma mulibemo siliva, ndi mkuwa, zinki ndi nickel. Maginito sangakuthandizeni kuzindikira. Chimene chimathandiza ndi madzi oyezera otchedwa dimethylglyoxime: mudonthezera pa thonje, n'kupukuta chitsulocho kwa masekondi 30, thonje likasanduka pinki ndiye kuti nickel akutuluka.

Jinzi ya kaunjika musaitaye. Telala asokere kansalu kokhuthala kuseri kwa batani. Polishi wa zikhadabo wopanda mtundu amatchinga, koma m'kutentha kwa kuno amasupuka msanga, ayenera kupakidwanso pafupipafupi. Amene amagulitsa pamsika n'kumasunga makobiri ndi makiyi m'kamisolo apeze kachikwama kansalu, pakuti makobiri oyera ambiri ndi okutidwa ndi nickel.

Zonsezi n'zovutitsa koma sizipha. Kumene nickel amapha ndi m'mapapo. Fakitale yoyenga nickel ya ku Clydach ku Wales, imene inatsegulidwa mu 1902, ndiyo inaonetsa dziko zimenezi, pamene antchito ake a zaka zoyambirira anayamba kufa ndi khansa ya m'mapapo ndi ya m'mphuno, pamene ya m'mphunoyi mwa anthu wamba imapezeka mwa apo ndi apo. Mu 1990 bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC linaika makemikolo okhala ndi nickel m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu, pamene chitsulo chenichenicho linachiika m'gulu la 2B, la zongokayikiridwa. Mu 2017 utsi wa kuwotcherera zitsulo unalowanso m'gulu loyamba.

Kwathu kuno amene zikuwakhudza ndi owotcherera zitsulo. Inox, chitsulo chosachita dzimbiri, wamba wa nambala 304 ali ndi chromium 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti. Ndodo zowotcherera chitsulo cha cast iron, zimene amakonzera mainjini osweka a zigayo ndi mapampu, zili ndi nickel wochuluka kwambiri: zolembedwa ENiFe-CI pafupifupi 55 peresenti, zolembedwa ENi-CI pafupifupi nickel yekhayekha. Utsi wake ndi tinthu tosakwana mayikiromita imodzi, timene timatsika mpaka pansi pa mapapo. Chigoba cha kumaso chimateteza maso ndi nkhope basi, ndipo utsi umalowabe pansi pachibwano. Mpango womanga pamphuno sugwira kanthu. Mkaka umene ena amamwa akaweruka sutsuka mapapo, umapita m'mimba.

Chimene chimagwira ntchito n'chosavuta kunena. Wotchererani panja kapena m'shedi yotseguka mbali ziwiri. Mphepo ikhale yodutsa cham'mbali, osati yochokera kumsana, chifukwa ikawomba kumsana thupi lanu limapanga kamvuluvulu kobwezera utsi kumaso. Mutu usaweramire pamwamba pa utsi. Valani chotchinga mphuno cha FFP3, kapena FFP2 ngati chinacho chasowa, chothina bwino, ndipo ndevu zambiri zimasiya mpata. M'kati mwa thanki musalowe popanda chopemerera mpweya. Fumbi lopala inox lisasesedwe louma, liwazidwe madzi kaye. Sambani m'manja ndi sopo musanadye, ndipo ovololo isachapidwe pamodzi ndi zovala za ana. Wosuta fodya akuwonjezera moto pamoto, ndipo utsi wa fodyawo ulinso ndi nickel wake. Chifuwa chosatha masabata awiri, mphuno yotsekeka mbali imodzi yotuluka magazi, kapena kubanika kumene kumachepa pa tsiku lopuma, zonsezi n'zopita nazo kuchipatala. Kumeneko nenani ntchito yanu, chifukwa akayeza TB osaipeza, ntchitoyo ndiyo iwalondolere kwina.

Pali mpweya wina wotchedwa nickel carbonyl, woopsa kuposa zonse, umene umapangika nickel wosalala ngati ufa akakumana ndi carbon monoxide. Munthu amamva mutu, amaoneka ngati wachira, kenako pakatha maola 12 mpaka 36 mapapo amadzaza madzi. Umenewu ndi wa m'mafakitale oyenga, osati wa pa shedi ya pamsika.

Za mapoto ndi chakudya, mantha ndi aakulu kuposa vuto. Poto watsopano wa inox amatulutsa nickel pang'ono mukaphikamo zowawasa ngati tomato kwa nthawi yaitali, ndipo akagwiritsidwa ntchito kangapo zimachepa kwambiri. Soya, nyemba, mtedza ndi koko zili ndi nickel wachilengedwe, koma wa m'chakudya thupi limangotengako pafupifupi gawo limodzi mwa 100, ndipo wolowayo amatuluka ndi mkodzo. Mlimi wa ku Angónia asasiye nyemba chifukwa khutu layabwa. Ochepa okha, amene totupa ta m'manja timawabwerera ngakhale asiya zitsulo, ndi amene dokotala angawachepetsere zakudyazi kwa kanthawi.

Madzi ndi nkhani ina, pakuti nickel wa m'madzi omwedwa m'mimba muli mopanda kanthu amalowa m'thupi kwambiri, kuposa gawo limodzi mwa anayi. Malire a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi mamiligalamu 0.07 pa lita. Mipopi yonyezimira ndi yokutidwa ndi nickel ndi chromium, ndipo madzi amene agona m'menemo usiku wonse ndi amene amatenga wochuluka. Lita yoyamba ya m'mawa ikhale yokolopera. Mabatire olembedwa Ni-Cd, a m'matochi akale ndi m'madirilo, asaponyedwe pamoto wa zinyalala kapena pafupi ndi chitsime. M'menemo choopsa kwambiri ndi cadmium, amene amaunjikana mu impso kwa zaka zambiri.