Kagulugufe kamene kanandithera matimati kudimba

Masamba a matimati anga atayamba kuchita zigamba zoyera, wogulitsa mankhwala anangoona chithunzi pafoni n'kuti ndi chiwawu. Ndinagula mankhwala, ndinapopera kawiri, zigamba zikungowonjezeka. Ndalama zija zinangopita padera.

Thyolani tsamba, muliloze kudzuwa. Mukaona kambozi kobiriwira mkati mwa chigambacho ndi tindowe takuda, ameneyo ndi Tuta absoluta, mbozi imene imasanduka kagulugufe. Ntchentche ya m'masamba imasiya timizere tokhotakhota topyapyala, pomwe tuta amadya mnofu wa tsamba n'kusiya kakhungu koonekera ngati pepala. Amaboolanso zipatso pafupi ndi kaphesi.

Chimene chimandiwawabe ndi tsiku limene ndinataya ku ofesi ya zaulimi. Ndinakwera kabaza m'mamawa, masamba ali m'jumbo. Munthu amene ndinamupeza pakhomo anandiuza kuti alangizi apita kumsonkhano, ndidikire. Ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, dimba osathirira. Pamene ankabwera, masamba anali atafota ndi kutentha, mbozi zitafa. Anawatembenuza n'kuti, “Bambo, izi sitingadziwe, mubweretse zamoyo.” Bwanji munthu wa pakhomo uja sanandiuze zimenezi m'mawa?

Ndiye musaike m'jumbo. Tengani botolo, thirani dothi louma pang'ono pansi, ikani masamba okhala ndi mbozi, kukamwa mumange ndi kansalu ka neti ya udzudzu, muike pamthunzi. Zanga zinatsikira m'dothi, ndipo patatha masiku ngati 10 munatuluka tiagulugufe totuwa ta timadontho takuda, kutalika kwake ngati njere ya mpunga. Ndi timeneti alangizi anatsimikizira.

Ndinaiwala kunena: masana simungakaone, kamabisala kunsi kwa masamba, kamauluka madzulo. Kakakazi kamodzi kamaikira mazira mpaka 260, ndipo kukamatentha, kuchoka pa dzira kufika pa kagulugufe ndi mwezi umodzi wokha. Kwawo ndi ku South America, kanalowa ku Spain mu 2006, kenaka kanafalikira mu Africa muno. Sikadya matimati okha, kamakhalanso pa mbatatesi, mabilinganya ndi mnadzi, n'chifukwa chake ndinazula mnadzi wonse m'mphepete mwa dimba ndi kukwirira zitsotso zakale m'dzenje lakuya.

Koma botolo, abale, osati jumbo, osatinso chithunzi cha pafoni. Ndipo muyambe mwaimba foni kuti mudziwe ngati alangizi alipo musanalipire kabaza.