Zikomo anansi athu achiKaren a ku St. Paul

Ndati ndithokoze pagulu amayi achiKaren amene timalima nawo dimba limodzi kuno ku St. Paul, Minnesota, m'dziko la America. Anthuwa anathawa nkhondo ku Myanmar, ambiri anakhala zaka zambirimbiri mmakampu a ku Thailand ngati Mae La, koma zakudya zakwawo sanazitaye ayi.

Ine ndinkangoti nkhwani kuno ndiye basi tiiwale, mpaka mayi wina wachikulire atandiona ndikuyang'anitsitsa maungu awo anathyola nsonga zanthete nkundipatsa zodzadza jumbo, osalipiritsa olo kobiri. Chidedenso amalima! Iwo amathira masamba ake owawasa aja mu supu ya nsomba, ine ndinatendera ndi nsinjiro ana mpaka kunyambita mbale.

Chomwe chandikhudza kwambiri ndi mbewu. Kuno chisanu chimabwera msanga ndiye nyemba zazitali zija amasiyako zina ziumire pamtengo, tsabola amamuyanika, njere za maungu amatsuka nkuziumitsa bwinobwino kenako mmabotolo mpaka chaka chamawa. Andigawirako zonsezi atakulunga mukapepala.

Mayi, Chingerezi chimativuta tonse koma mwandithandiza zedi. Mulungu akudalitseni inu ndi ana anu, chaka chamawa bonongwe ndikubzalirani ndine.