Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Belo lachitatu

Ndinatembenuka mtima mu Ogasiti 2003, pa chitsitsimutso chomwe chinachitikira pabwalo la mpira kwathu kwa Chamama. Njala ya 2002 inali itatipuntha ife a ku Kasungu mpaka kudya gaga ndi zitsa za nthochi, ndiye mlaliki atati bwerani kutsogolo, mwendo sunalemere. Anatiwerengera 2 Akorinto 5:17, kuti wokhala mwa Khristu ndi wolengedwa watsopano, zakale zapita. Kachasu ndinasiya tsiku lomwelo. Mumtima ndinkati munthu wakale uja tamukwirira, zatha.

Kenaka inafika nyengo yodinda fodya, Epulo 2004.

Chigafa changa chinkadontha mbali ya kummawa, ndipo fodya wa pamikangala ya mbali imeneyo anada n'kuyamba nkhungu. Mabelo awiri oyamba ndinadinda bwinobwino. Lachitatu linaperewera. Unali usiku, jeke yodindira fodya yobwereka, mwini wake akuifuna mmawa, koloboyi akuthimathima pakhomo. Ndinangoona manja akugwira ntchito yomwe ankaidziwa kale: pansi tsamba lofiirira bwino, pakati wakuda uja, kuwaza timadzi kuti sikelo ikwere, pamwamba labwino. N'kusoka chiguduli mwaukhondo ngati telala. Chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti ponseponse ndinkang'ung'udza nyimbo ya kwaya.

Mayi a kunyumba anali atanyamula nyali. Anangoti, "Bambo, si inu mukulalikira Lachitatu?" Basi, n'kukagona.

Tambala woyamba analira ndili maso. Kutacha ndinapalasa njinga kupita kwa malume, mkulu wa mpingo wa CCAP, amene ndinkawaderera kuti chipembedzo chawo n'chozizira. Ndinawapeza akusema mpini.

"Malume, ndiye kuti ine sindinapulumuke?"

Anandiuza kuti nditsegule Aroma 7, pomwe Paulo akudandaula kuti chabwino chimene akufuna sachichita, koma choipa chimene sachifuna. Ndinati anzanga a kufeloshipu amati pamenepo Paulo ankanena za moyo wake asanakumane ndi Yesu panjira ya ku Damasiko. Malume sanatsutse kuti ena amamva choncho. Anangoti, "Chabwino mphwanga, nanga Agalatiya 5:17, zoti thupi ndi Mzimu zimalimbana, anawalembera achikunja? Nanga 1 Yohane 1:8, kuti tikati tilibe uchimo tikudzinyenga, akuti ife, akudziikamo yekha."

Analoza chitsa cha bulugamu kuseri kwa khola. Anaudula okha mtengowo pomanga chigafa, koma dzinja lililonse chimatulutsa mphukira, iwo n'kumasadza. "Mtengo unagwa, sutchinganso dzuwa pamunda. Koma ukati chitsa chafa, bwera chaka chamawa udzadulepo mapaso."

Pamenepo sindinagwirizane nawo msanga, ndipo mpaka pano ndimaona kuti anthu ena amabisala kuseri kwa chitsa chimenechi, kumaba dala n'kumati ndi thupi lofooka. Ndinawauza choncho. Anaseka, n'kundifunsa kuti chaka chathacho ndinadinda bwanji. Ndinavomera kuti mabelo onse anali otero.

"Unagona?"

"Tulo tofa nato."

"Nanga dzulo?"

Sindinayankhe. Iwo anapitiriza kusema.

Pobwerera ndinakumana ndi mwana wa mwini jeke atabwera ndi ngolo. Ndinamupempha adikire mpaka masana, anakana. Ndinatenga mpeni n'kudula ulusi wa belo lija, ndipo fungo la nkhungu linatuluka ndi mpweya wofunda, fodya atayamba kale kutentha mkati. Tinayala yense pamphasa ine ndi mayi a kunyumba, osalankhulana. Wabwino sanakwane n'theka la belo lomwe.

Lole yopita ku okushoni ku Kanengo inanyamuka Loweruka ndi mabelo anga awiri. Ngongole ya feteleza inkafuna atatu, ndipo mwini ngongoleyo anali mlamu wanga. Za mmene tinakumanirana naye, mudzamva m'gawo 8.