Kapepala ka masamba awiri

Ndinagwirapo ntchito mu ofesi ya phungu zaka zitatu, ndipo chimene sindiiwala mpaka lero ndi kapepala kena ka masamba awiri.

Bilu yokhudza mankhwala inafika Lachinayi madzulo, chimulu cha masamba oposa 100. Komiti inkakumana Lolemba. Abwana anali kalikiliki ndi misonkhano, foni osapuma. Wowafufuzira ndinali ine ndekha, munthu amene za mankhwala sindinaphunzirepo.

Lachisanu m'mawa kunabwera bambo wina waulemu wake, wotumidwa ndi makampani. Anatisiyira kapepala kaja. Munali ndime zimene zinkawapweteka, zifukwa zake, komanso mawu oti alowe m'malo mwake, olembedwa kale m'kalembedwe ka malamulo. Sananame ayi. Manambala ake ndinawatsata limodzilimodzi, onse anali oona. Kungoti odwala munalibemo. Lolemba abwana anawerenga mawu aja mu komiti pafupifupi momwe analembedwera, ndipo ine ndinapuma mokhala pansi, poti ntchito inali itatheka.

Anthu akamva za lobbying, kukopa aphungu kuja, amaganiza za envelopu ya ndalama. Ziphuphu zilipo, sindikukana. Koma mphamvu yeniyeni ya anthuwa ndi yakuti amafika msanga, atawerenga kale zimene phungu alibe nthawi yowerenga. Lero akuvotera za msonkho, mawa za migodi, mkuja za intaneti. Ndani angadziwe zonsezo? Amatsamira amene ali pafupi.

Mayiko ena anayesa kuziika poyera. Ku America lamulo la 1995 limakakamiza okopa aphungu kulembetsa, kunena amene wawatuma ndi ndalama zimene alandira. European Union inatsegula kaundula wake mu 2011, Britain inakhazikitsa lamulo lake mu 2014. Pangano la 2003 la WHO, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, lolimbana ndi kusuta, pa gawo 5.3, limauza maboma kuti ateteze mfundo za zaumoyo kwa makampani a fodya. Zonsezi ndimazivomereza. Koma kaundula amangokuuza amene analowa pakhomo, sapatsa phungu pepala lachiwiri loti ayerekeze nalo.

Apa ndi pamene mtima umandiwawa. Chaka chomwecho cha 1995, nyumba ya malamulo ya ku America inatseka Office of Technology Assessment, ofesi yakeyake imene inakhazikitsidwa mu 1972 kuti izifotokozera aphungu za sayansi mosakondera. Mafunso a sayansi sanathe nayo limodzi, anangosintha wowayankha. Ofesi ina yofufuzira aphungu ku America, Congressional Research Service, ilipobe, ku London aphungu ali ndi House of Commons Library, koma m'nyumba zambiri phungu amangokhala ndi mnyamata mmodzi wotopa ngati momwe ndinalili ine.

Anamwino nawonso anatilembera za bilu ija, ndipo uku n'kukopanso aphungu, koyenera ndithu. Kalata yawo inali ndi mfundo imene bambo aja anaisiya, ya odwala amene mankhwala adzawakwerere mtengo. Inafika patapita masabata atatu, bilu itadutsa kale. Abwana anaiwerenga ali chilili, mpaka pomaliza, kenako anandifunsa kuti inabwera liti.